Dzina la Spencer: Makiyi a Nkhokwe, Nkhosa ndi Ubale Wochita Kugula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene wakhala zaka zambiri ku Northampton, m'dziko la England. Mwana wawo wamkazi wapeza mnyamata wachingerezi womanga naye banja, dzina la makolo ake ndi Spencer, ndipo chinkhoswe chili pafupi. Mbiri itangofika kumudzi, achibale anayamba kuimba mafoni. Mayiwo analemba motere: "Akuti mwana wanga akulowa m'banja la malemu Diana. Mnyamatayu bambo ake ankayendetsa basi, koma iye akuti agogo ake ankakonda kunena kuti iwo ndi amodzi ndi a ku Althorp, ngakhale panalibe pepala lililonse losonyeza zimenezo. Kodi dzina limeneli linachokera kuti? Nanga onse otchedwa Spencer ndi pachibale?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo anawo ndikuwafunira banja la mtendere. Ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti mukhale ndi chowauza a kumudzi: ayi, si onse otchedwa Spencer amene ali pachibale. Mwa anthu zikwizikwi amene ali ndi dzinali, ndi ochepa zedi amene magazi awo amakafika ku Althorp, nyumba yaikulu ya banja la Spencer limene munabadwa Diana, mayi ake a Prince William. Koma musagwe ulesi, chifukwa mbiri yeniyeni ya dzinali imakoma kuposa mphekesera imene yafala kumudziyo.

Achibale anuwo sindikuwadabwa. Iwo akuganiza ndi nzeru za mfunda. A Phiri a ku Dedza akakumana ndi a Phiri a ku Chipata kapena a ku Tete, sachedwa kugwirana chanza n'kunena kuti ndife amodzi, ngakhale agogo awo sanaonanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mfunda umaloza ku fuko. Mayina ambiri achingerezi sali choncho. Ena anachokera ku dzina la bambo, monga Johnson, kutanthauza mwana wa John. Ena anachokera ku malo amene munthu ankakhala, monga Hill wa paphiri kapena Wood wa kunkhalango. Ena anayamba ngati mayina osereula a maonekedwe, monga Long wamtali ndi Brown woderapo. Ndipo gulu lalikulu linachokera ku ntchito: Smith wosula zitsulo, Baker wophika buledi, Taylor telala, Cooper wopanga migolo. Mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo wakewake, n'chifukwa chake dzina la Smith linamera m'malo mazanamazana pa nthawi imodzi, pakati pa anthu osadziwana n'komwe. Spencer ali m'gulu lomweli. Ndi dzina la ntchito.

Muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti dispensare, kutanthauza kuyeza ndi kugawa. Munthu wogwira ntchito yoyeza ndi kugawayo ankatchedwa dispensator, ndipo m'Chifalansa chakale mawuwa anasanduka despensier. Analowa ku England mu 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings n'kudzaza dzikolo ndi nduna zolankhula Chifalansa. Kwa zaka pafupifupi 300 chinenero chimenechi ndicho chinkamveka m'nyumba za mafumu ndi m'mabwalo a milandu. Koma antchito wamba, polankhula mwachangu, ankameza chiyambi cha mawuwo, despenser n'kukhala spenser. Chipinda chosungiramo chakudya nachonso ankachitcha spence, ndipo mayina a Spence ndi Spens anatulukira pamenepo. Mawu amenewa si achilendo kwa ife monga tingaganizire: dispensale imene timakalandirako mankhwala inachokera ku muzu womwewo, ndi malo oyezera ndi kugawira.

Ntchitoyi tisaipeputse. Taganizani za linga la nduna yaikulu, kapena nyumba ya bishopu, kapena nyumba ya amonke, kumene anthu oposa 100 ankadya tsiku lililonse. Kunkafunika munthu mmodzi wosunga makiyi, wodziwa kuti ufa watsala wochuluka bwanji, mchere ulipo wotani, makandulo akwanira mpaka liti. Dziko lake ndi lozizira, ndipo chisanu chikayandikira, cha mu Novembala, ziweto zambiri ankazipha n'kuthira nyamayo mchere chifukwa msipu unkasowa. Nyama imeneyo, pamodzi ndi nsomba zouma zodya Lachisanu ndi m'nyengo ya Lenti, inkayenera kukwanira mpaka dzinja lawo litatha. Zokometsera monga tsabola wakuda zinkachokera kutali kwambiri ndipo zinali zodula, choncho ankazitsekera m'bokosi. Wosunga makiyi akagawa mowolowa manja mu Disembala, nyumba yonse inkagona ndi njala mu Malichi. Akakhala wakuba, mbuye wake ankasauka osadziwa chamusaukitsa. Aliyense amene anaphunzirapo pa sukulu yogonera komweko, kapena anayendetsapo mwambo wa maliro aakulu, amadziwa kulemera kwa makiyi a chipinda cha ufa ndi ndiwo. Sapatsidwa kwa munthu wamba. Amapatsidwa kwa amene anthu amukhulupirira, wodziwa kuwerengera ndiponso wotha kunena kuti ayi.

Maudindo ena a m'nyumba zazikuluzo anaberekanso mayina. Butler anali woyang'anira vinyo, Chamberlain woyang'anira chipinda cha mbuye, Marshall wosamalira akavalo, Stewart kapitawo wa nyumba yonse. Banja lina la Stewart linakwera mpaka kukhala mafumu a Scotland mu 1371, kenako a England mu 1603.

Poyamba mawu otere sanali dzina la banja. Munthu ankatchedwa John le Spenser chifukwa iye mwiniyo ndiye anali ndi makiyi, ndipo mwana wake akasankha ntchito ina ankatchedwa dzina lina. Pang'onopang'ono, makamaka pakati pa zaka za m'ma 1200 ndi 1400, mayinawa anayamba kukakamira pa ana ndi zidzukulu. Chimene chinathandiza kwambiri ndi zolembalemba za malo, milandu ndi misonkho, monga msonkho wa pamutu wa mu 1377, 1379 ndi 1381, pamene alembi ankafunika kusiyanitsa John uyu ndi John uyo. Tsono poti nyumba zazikulu zinali mbwee m'dziko lonselo, ndipo iliyonse inali ndi wosunga makiyi wake, mabanja a Spencer anayambira m'zigawo zambiri popanda ubale uliwonse pakati pawo.

Woyamba kudziwika ndi dzinali m'zolembedwa ndi Robert, amene ankatumikira m'nyumba ya mfumu William. Mu Domesday Book, kaundula wamkulu wa malo ndi chuma amene mfumuyo inalamula kuti alembedwe mu 1086, iye akuoneka monga Robertus Dispensator, mwini minda yambiri ku Leicestershire, Lincolnshire ndi madera ena. Koma atamwalira malo ake anapita kwa mabanja a Marmion ndi Beauchamp, ndipo dzina lake silinapitirire.

Banja limene linatchukitsa dzinali kale ndi la Despenser, limene linali ndi malo ku Loughborough. Mbiri yawo ndi ya magazi okhaokha. Hugh le Despenser, amene anali woweruza wamkulu wa dziko, anafera pa nkhondo ya ku Evesham mu 1265 ali kumbali ya Simon de Montfort polimbana ndi mfumu. Mwana wake, Hugh wamkulu, ndi mdzukulu wake, Hugh wamng'ono, anasintha n'kukhala okondedwa a mfumu Edward II. Hugh wamng'onoyo anakwatira Eleanor de Clare, mdzukulu wa mfumu Edward I, ndipo mlamu wake atafera pa nkhondo ya ku Bannockburn mu 1314 osasiya mwana, iye anatenga dera lachonde la Glamorgan ku Wales. Sanakhutire. Atakhala woyang'anira chipinda cha mfumu mu 1318, palibe amene ankaonana ndi mfumu osadzera kwa iye, ndipo anayamba kulanda malo a anzake, ngakhale a akazi amasiye. Nduna zinamupirikitsa m'dzikomo mu 1321, iye n'kukasanduka wachifwamba wolanda zombo panyanja, koma sipanathe chaka mfumu inamubweza. Mapeto ake anafika mu 1326, pamene mfumukazi Isabella, mkazi wa Edward yemweyo, anabwera kuchokera kutsidya la nyanja ndi asilikali pamodzi ndi Roger Mortimer. Hugh wamkulu anamunyonga ku Bristol mu Okutobala, ndipo Hugh wamng'ono anamupha mwankhanza zosaneneka ku Hereford pa 24 Novembala. Mfumu nayo inachotsedwa pampando mu Januwale 1327. Banjali linadzukanso pang'ono, mpaka kutulutsa bishopu wa ku Norwich, Henry le Despenser, amene anagwira lupanga n'kugonjetsa alimi oukira mu 1381. Koma Thomas Despenser anadulidwa mutu ku Bristol mu 1400 atakonza chiwembu cholimbana ndi mfumu Henry IV, mwana wake wamwamuna anamwalira ali wamng'ono, ndipo chuma chonse chinapita ndi mwana wamkazi ku banja lina.

Tsopano tifike ku Althorp, kumene kuli mtima wa funso lanu. Mukatuluka mu Northampton kulowera kumpoto chakumadzulo, makilomita pafupifupi 10 okha, mwafika.

A Spencer a ku Althorp sanayambe ndi lupanga kapena ndi magazi achifumu. Anayamba ndi nkhosa. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 iwo anali alimi a ziweto ku Warwickshire, ochita lendi madambo a eni malo n'kumawetamo. Nthawi imeneyo ubweya wa nkhosa ndiwo unali chuma cha England, monga momwe fodya wakhalira kwa ife. Mpaka lero, wotsogolera zokambirana mu House of Lords, gawo la nyumba ya malamulo la nduna zaulemu, amakhala pa mtsamiro waukulu wodzaza ndi ubweya, pokumbukira chimene chinalemeretsa dzikolo. John Spencer anali munthu wa diso lakuthwa pa ziweto ndi pa malonda. Phindu la ubweya ndi la nyama sankalimwaza. Ankagulira malo, malowo n'kuwonjezamo nkhosa, nkhosazo n'kugulira malo ena. Mu 1506 anagula Wormleighton, mu 1508 anagula Althorp, ndipo mfumu Henry VIII inadzamupatsa ulemu wotchedwa Sir asanamwalire mu 1522. Ana ndi zidzukulu zake anapitiriza njira yomweyo. M'nthawi ya mfumukazi Elizabeth I nkhosa zawo zinkapitirira 10,000. Ankagulitsa ubweya wambiri nthawi imodzi kwa amalonda akuluakulu, nyama n'kumatumiza ku misika ya ku London, ndipo ana awo ankawakwatitsa m'mabanja olemera a mumzindawo.

Sindikufuna kuti nkhosazo tiziyeretse kwambiri, chifukwa zinali ndi misozi yake. Kuti nkhosa zipeze msipu, eni malo ankatchinga ndi mipanda minda imene anthu a m'mudzi ankalimamo, nyumba n'kugwetsa. Mbusa mmodzi ndi galu wake ankakwanira pamalo pamene kale pankadya mabanja makumi. Mu 1516 Thomas More analemba m'buku lake la Utopia kuti nkhosa, zimene kale zinali zofatsa, zayamba kudya anthu. Ku Wormleighton komweko, William Cope, amene anali mwini malo John Spencer asanagule, anagwetsa nyumba n'kusamutsa anthu pafupifupi 60. Boma litakhazikitsa kafukufuku wa nkhani za mipandayi mu 1517 motsogozedwa ndi Kadinala Wolsey, John Spencer anayenera kuyankhapo, ndipo anadziteteza kuti wogwetsa nyumbazo sanali iye, komanso kuti anamangapo zina ndi kukonza tchalitchi. Komabe msipu umene unamulemeretsa unali pa mabwinja a anthu. Ife amene timadziwa nkhani za malo za ku Thyolo ndi ku Mulanje, ululu wotere sitifunika kuchita kutifotokozera.

Gawo limene ndikufuna mulimvetse bwino ndi ili. Mu 1504 John Spencer anapempha ndipo anapatsidwa chizindikiro cha banja lake, chija amajambula pa chishango. Chinali chatsopano, chokhala ndi mitu 6 ya mbalame za kunyanja. Munthu amene akudziwa kuti ndi mbadwa ya banja lakale lotchuka sapempha chizindikiro chatsopano, amangotenga cha makolo ake. John sananene kuti ndi wa kwa Despenser, ndipo panalibe chomuchititsa manyazi pa zimenezo. Koma patapita zaka pafupifupi 90, mbadwo wachinayi utafika, ndalama zinalipo zambiri, chosowa chinali makolo otchuka. Mu 1595 Richard Lee, mmodzi wa akuluakulu a bungwe loona za zizindikiro za mabanja la College of Arms, anawakonzera mndandanda wa makolo wowalumikiza ku nthambi yaing'ono ya a Despenser akale aja. Banjalo linasiya mbalame zake n'kutenga chishango cha a Despenser, n'kuwonjezapo zigoba zitatu za nkhono za m'nyanja kuti chisiyaneko pang'ono. Sanali okha ochita zimenezi. M'nthawi ya Elizabeth mabanja ambiri olemera kumene ankafuna mizu yakale, ndipo alembi ena a mibadwo ankawapezera, ndalama ikakhalapo.

Mndandandawo anthu anaukhulupirira kwa zaka 300, mpaka mu 1901 pamene katswiri wa mbiri ya mabanja J. Horace Round anaufufuza mfundo imodziimodzi n'kusonyeza kuti unali wopeka. Chizindikirocho chinatsalabe, ndipo chigoba chofiira chimene chinali pa chizindikiro cha Prince William asanakhale Prince of Wales mu 2022 chinachokera pamenepo, pokumbukira mayi ake. Mukuona tsono, mayi, kuti ngakhale banja lotchuka koposa la dzinali linagwa m'mbuna yomwe agwamo achibale anu, yoganiza kuti dzina likafanana ndiye kuti magazi ndi amodzi. Wolemba ndakatulo Edmund Spenser naye ankanena kuti ndi mbale wa a ku Althorp, ndipo ndakatulo zake zina anazipereka mwaulemu kwa ana aakazi atatu a Sir John Spencer wina, mdzukulu wa John uja. Chilakolako chofuna kulumikizidwa ku nyumba yaikulu n'chakale kwambiri.

Anthu a m'nthawiyo sanaiwale nkhosa zija. Robert Spencer anapatsidwa udindo wa Baron ndi mfumu James I mu 1603, ndipo ankadziwika kuti ndi mmodzi mwa anthu okhala ndi ndalama zambiri zapamanja m'dziko lonselo. Mu 1621, mkangano utabuka mu House of Lords, Thomas Howard, Earl wa ku Arundel, wa banja lakale lonyadira magazi ake, anamunyoza kuti pamene zinthu zazikulu zinkachitika m'dzikomo makolo a Spencer anali kubusa. Amasimba kuti Spencer anayankha kuti pamene makolo ake ankaweta nkhosa, makolo a Arundel anali kukonza ziwembu zoukira mfumu. Mawuwo analasa pachilonda, chifukwa agogo ake a Arundel anadulidwa mutu mu 1572 pa mlandu woukira, ndipo bambo ake anafera m'ndende ya Tower of London mu 1595. Arundel atakana kupepesa pa mkanganowo, nayenso anakatsekeredwa kwa kanthawi m'ndende yomweyo. Yankho la Robert Spencer ndimalikonda chifukwa sanakane nkhosazo. Chikalata cha Richard Lee anali nacho kunyumba, koma atapanikizidwa anaima pa chimene chinali choona.

Kuchokera apo mbiri ikuthamanga. Henry Spencer anakhala Earl wa ku Sunderland mu 1643 ndipo chaka chomwecho anaphedwa ndi chipolopolo cha mzinga ku Newbury, pa nkhondo yapachiweniweni, asanakwanitse zaka 23. Mdzukulu wake Charles anakwatira Anne Churchill, mwana wa kazembe wankhondo John Churchill, Duke wa ku Marlborough. Kazembeyo mwana wake wamwamuna anamwalira ndi nthomba mu 1703, choncho nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera lolola kuti udindowo udzere mwa ana aakazi. Kwa ife Achewa, ufumu kudzera kuchikazi si nkhani yodabwitsa, koma kwa iwo panafunika lamulo. Motero mu 1733 mwana wa Anne, amenenso anali Charles Spencer, anakhala Duke wa ku Marlborough, ndipo Althorp anamusiyira mng'ono wake John. Banja linagawika pawiri. Nthambi yaikulu, ya ku Blenheim kunyumba ya a Duke a ku Marlborough, inawonjeza dzina la Churchill mu 1817, n'chifukwa chake nduna yaikulu ya Britain ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yobadwa mu 1874, dzina lake lonse linali Winston Leonard Spencer Churchill. Kuchimuna iye anali Spencer weniweni, mbadwa ya woweta nkhosa uja.

Nthambi yaing'ono inatsala ku Althorp, inalandira chuma chambiri cha agogo awo Sarah Churchill, mkazi wa kazembe uja, amene anamwalira mu 1744, ndipo inapatsidwa udindo wa Earl Spencer mu 1765. Earl wachiwiri anasonkhanitsa mabuku pafupifupi 40,000, amene anagulitsidwa mu 1892 ndipo lero ali mu John Rylands Library ku Manchester. Earl wachitatu, asanalowe udindowo, anatsogolera House of Commons, gawo la nyumba ya malamulo la aphungu osankhidwa, pamene lamulo lokonzanso chisankho la mu 1832 linkadutsa, koma mtima wake unali ku khola: ankakonda kuweta ng'ombe kuposa ndale, ndipo anali pulezidenti woyamba wa bungwe la alimi limene linakhazikitsidwa mu 1838 n'kudzatchedwa Royal Agricultural Society of England. Diana anabadwira ku Sandringham pa 1 Julayi 1961, banja lake linasamukira ku Althorp bambo ake atalowa udindo wa Earl mu 1975, ndipo atamwalira pa ngozi ya galimoto ku Paris pa 31 Ogasiti 1997 anamuika pa kachilumba ka m'dziwe la pa Althorp pomwepo. Mchimwene wake Charles ndiye Earl wachisanu n'chinayi kuyambira mu 1992.

Nanga a Spencer ena onse? Ambiri ndi mbadwa za osunga makiyi a m'nyumba zina, amene mayina awo oyamba anaiwalika. Sitolo ya Marks & Spencer imene mumagulamo zovala ilibe ubale ndi Althorp. Thomas Spencer wake anali wa ku Skipton ku Yorkshire, ankagwira ntchito yosunga ndalama pa kampani ina ya ku Leeds, ndipo mu 1894 anaika mapaundi 300 kuti akhale mnzake wa Michael Marks pa bizinesi. Zimandigwira mtima kuti patatha zaka mazana ambiri, munthu wa dzinali anapezekanso pa ntchito yowerengera ndi kusunga, ndipo ndi kukhulupirika pa ntchito imeneyo kumene kunaika dzina lake pa zitseko za masitolo. Palinso a Spencer akuda ambiri ku America ndi ku zilumba za Caribbean, monga Baldwin Spencer amene anali nduna yaikulu ya Antigua and Barbuda kuyambira 2004 mpaka 2014. M'madera amenewo mayina achingerezi ambiri anafika pa anthu a makolo a ku Africa kudzera mu ukapolo wa m'minda ya nzimbe ndi thonje, ndipo imeneyo ndi mbiri ina yowawa imene dzina limodzi lomweli lanyamula.

Tsono mkamwini wanuyo ali mbali iti? N'zotheka ndithu kuti mawu a agogo ake ali ndi maziko. Mwa Angerezi malo ndi udindo zinkapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo ana aang'ono ankapita ku usilikali, ku ubusa wa mpingo kapena ku malonda. Pakatha mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, zidzukulu zawo zinkatha kukhala anthu wamba oyendetsa ngolo, kenako basi. Koma n'zothekanso kuti banja lawo linangokhala pafupi ndi nyumba yaikuluyo, dzina n'kufanana, nkhani n'kukula yokha pamoto madzulo. Chimene chingalekanitse ziwirizi ndi mapepala basi, ndipo mwayi wake ngwakuti England ndi dziko losunga mapepala.

Lamulo la kafukufuku wotere ndi limodzi: yambani ndi munthu wamoyo n'kumabwerera m'mbuyo, m'badwo umodziumodzi. Osayamba ndi Diana n'kumafufuza njira yotsikira kwa mkamwini, chifukwa umo ndi momwe Richard Lee anachitira. Satifiketi ya kubadwa ya bambo ake idzatchula agogo, ya ukwati wa agogo idzatchula bambo awo ndi ntchito yawo. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales pa 1 Julayi 1837, ndipo makope ake amaitanitsidwa ku General Register Office. Kalembera wa anthu wokhala ndi mayina a aliyense m'nyumba anayamba mu 1841, ankachitika pa zaka 10 zilizonse, ndipo mpaka wa mu 1921 amapezeka pa intaneti. Kumeneko mudzaona ntchito zawo ndi midzi imene anabadwira. Pa zaka za m'mbuyo 1837 isanafike mudzadalira mabuku a matchalitchi a ubatizo, ukwati ndi maliro, amene Thomas Cromwell analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izisunga. A m'chigawo chanu amasungidwa ku nyumba ya zolemba zakale ya Northamptonshire, mu Northampton momwemo. Samalani ndi kalembedwe, chifukwa munthu mmodzi amatha kulembedwa Spencer pa ubatizo ndi Spenser pa maliro. Alembi akale ankalemba monga amvera.

Ndikuchenjezeninso za amalonda amene amagulitsa makapu, zikwangwani ndi zikalata zokongola zojambulidwa chishango, n'kumati ndi chizindikiro cha banja la Spencer. Wina akhoza kuganiza zogula ngati mphatso ya ukwati. Ku England chizindikiro chotere sichikhala cha dzina. Chimaperekedwa kwa munthu mmodzi ndi mbadwa zake, ndipo bungwe la College of Arms, limene linakhazikitsidwa mu 1484, ndilo limasunga kaundula wake. Kupachika chishango cha a ku Althorp pakhoma chifukwa choti dzina lafanana kuli ngati kuvala mkanjo wa ufumu wa mudzi wa eni.

Poti muli pafupi, tsiku lina mutengane ndi asewere anu mukaone tchalitchi cha St Mary ku Great Brington, mudzi woyandikana ndi Althorp. Mmenemo muli manda a banjali kuyambira pa John woyamba uja wa mu 1522, osemedwa pamwala iye ndi mkazi wake Isabel atagona moyandikana. M'tchalitchi chomwecho muli manda a Lawrence Washington, amene anamwalira mu 1616, kholo la George Washington pulezidenti woyamba wa America. Nyumba ya Althorp nayo amaitsegulira alendo m'miyezi yotentha ya Julayi ndi Ogasiti.

Koma ulendo woyamba usakhale umenewo. Chinkhoswe chisanafike, pemphani mkamwini wanu akuperekezeni, inu ndi mwana wanu, kwa wachikulire kuposa onse amene watsala kuchimuna kwawo, kaya ndi azakhali kaya ndi abambo aang'ono, mutanyamula kope ndi cholembera. Afunseni ngati kunyumba kuli Baibulo lakale lolembedwa mayina pachikuto, zithunzi zokhala ndi malemba kumbuyo, kapena makalata a usilikali. Ndipo funso loyamba likhale ili: agogo aja ankanena za Althorp anabadwira m'mudzi uti, chaka chiti, ndipo bambo awo ankagwira ntchito yanji?